Musanapite Kunja Kukatumikira Kumalo Osungira Ana Amasiye

Pa 12 Januwale 2010 chivomerezi chinagwetsa mzinda wa Port-au-Prince ku Haiti. Mwezi womwewo usanathe, apolisi anagwira amishonale 10 a mpingo wa Baptist ochokera ku America, ambiri a ku Idaho, akufuna kuoloka malire kulowa ku Dominican Republic ndi ana 33 popanda zikalata zoyenera. Iwo ankati akupulumutsa ana amasiye. Atafufuza, kunapezeka kuti ambiri mwa anawo makolo awo anali moyo.

Abale ndi alongo, ngati mpingo wanu ukukonza ulendo wokatumikira kumalo osungira ana amasiye kunja, khalani nafe. Yakobo 1:27 amatilamula kuchezera ana amasiye m'mavuto awo, ndipo lamuloli sitikulipeputsa. Koma tidziwe kaye amene tikukamuchezera.

Mu 2009 bungwe la Save the Children linanena kuti mwa ana asanu alionse okhala m'malo amenewa, pafupifupi anayi ali ndi kholo lamoyo. Chimawabweretsa ndi umphawi, fizi ya sukulu, kapena ulumali. Ku Cambodia, malo osungira ana anachuluka ndi 75 peresenti pakati pa 2005 ndi 2010, nthawi imene alendo odzipereka ankakhamukirako. Mlendo amabwera ndi ndalama, ndipo ndalamazo zimafuna mabedi odzaza. Motero ena amayenda m'midzi kulonjeza makolo sukulu yaulere kuti awapatse ana. Mu 2018 dziko la Australia linazindikira mchitidwewu ngati mtundu wa ukapolo wamakono.

Ngakhale pamalo oyendetsedwa mokhulupirika, vuto lina limatsalabe. Mukafika, kamwana kamakuthamangirani, kukukakamirani m'khosi, kukana kutsika. Mtima umasungunuka. Komatu mwana amene ali ndi womulera wokhazikika amayamba wamuopa mlendo, n'kubisala kumbuyo kwa mayi ake. Wokakamira aliyense ndi amene wasowa munthu wakewake. Inu mumunyamula masabata awiri n'kukwera ndege, gulu lina lifika, nalonso lichoka. Mwanayo amaphunzira kuti aliyense womukonda amathawa. Kafukufuku amene anayamba mu 2000 ku Bucharest, Romania, pa ana 136, anaonetsa kuti amene anasamutsidwira m'mabanja, makamaka asanakwanitse zaka ziwiri, anakula bwino m'nzeru kuposa otsala m'malo osungiramo.

Tsono musanagule tikiti, lembani kalata kwa oyang'anira malowo. Afunseni chikalata cha boma chowalola kusunga ana, ndipo mutsimikize nokha ku ofesi yoona za ana ya dzikolo. Afunseni kuti chaka chatha ana angati anabwerera kwa abale awo. Akayankha kuti palibe, kapena akayamba kuzungulira, dziwani kuti pali vuto. Funsaninso kuti wolera mmodzi amasamalira ana angati, usiku womwe. Ndiye onani ngati iwowo akukufunsani chikalata cha kupolisi chosonyeza kuti simunapalamulepo mlandu wokhudza ana. Amene muli ku Britain, chikalatachi ndi International Child Protection Certificate. Malo amene amalowetsa aliyense wolipira, amalowetsanso wogwiririra ana.

Mukapita, kusambitsa, kudyetsa ndi kugoneka ana zisiyireni olera a komweko. Musakhale awiriwiri ndi mwana m'chipinda. Nkhope ndi dzina la mwana zisapite pa Facebook, ngakhale pofuna kupempha thandizo. Mphatso perekani kwa oyang'anira, osati kwa mwana amene wakusangalatsani, chifukwa anzake akuona. Ndipo musanene kuti "ndidzabweranso" mulibe tsiku. Ngati ndinu namwino kapena wowerengera ndalama, phunzitsani antchito a pamalopo. Zopenta makoma ndi kumanga mpanda, lipirani amisiri a m'deralo.

Kwathu timati mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo mwana akaferedwa timayamba taona agogo, amalume kapena azakhali. Ku Haiti ndi ku Cambodia agogo alikonso. Choncho komiti ya ulendo iwonkhetse ndalama za matikiti, viza, malo ogona ndi chakudya cha gulu lonse, kenako ifunse mpingo wa komweko kuti ndalama zomwezo zingalipirire ana angati fizi ali kwa agogo awo. Manambala awiriwo muwawerenge pamsonkhano wa akulu a mpingo musanavote.