Thandizo lisanafike: madzi, chakudya ndi anthu oyandikana nawo

[Wofotokoza waima patebulo. Patebulopo pali chigubu cha malita 20, tochi ndi kawayilesi ka mabatire.]

Moni nonse amene mukuonera. Pa 28 Epulo 2025, dzuwa lili paliwombo, magetsi anazima nthawi imodzi ku Spain ndi ku Portugal. Masitima anaima panjira, mafoni anasowa netiweki, ndipo timakina tolipirira ndi khadi m'masitolo tinangoti zii. Munthu amene anali ndi ndalama zambiri kubanki koma m'thumba mulibe kanthu anavutika kugula ngakhale botolo la madzi. Anthu ambiri anathamangira kukasaka mawayilesi a mabatire, poti nkhani zimamveka pamenepo basi. M'madera ambiri magetsi anali atayaka pofika m'mawa wa tsiku lotsatira, koma maola ochepa amenewo anakwana kuonetsa kuti zinthu zimene timadalira tsiku ndi tsiku zimatha kuima zonse pamodzi.

Mwezi umodzi izi zisanachitike, mu Malichi 2025, bungwe la European Union linali litalangiza mabanja a m'maiko ake kuti azikhala ndi zinthu zowakwanira maola 72. Dziko la Sweden linapitirira pamenepo: m'kabuku kamene boma linagawa m'makomo mu 2024 linati banja lizitha kudzisamalira kwa sabata yathunthu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kukagwa chivomezi, namondwe kapena madzi osefukira, misewu imaduka, milatho imakokoloka, ndipo opulumutsa anthu amayambira kumene zinthu zafika poipitsitsa. Inu mukhoza kukhala masiku atatu musanaone galimoto yobweretsa thandizo. Lero tikambirana za masiku amenewo, komanso za miyezi yotsatira ngati vuto lakana kutha.

[Kamera ikuyandikira chigubu.]

Tiyambe ndi madzi, ndipo pano ndichedwapo dala. Ambiri akamva za kukonzekera amaganiza za chakudya, koma munthu wathanzi amapirira njala kwa milungu, pomwe ludzu limamugwetsa m'masiku ochepa. Boma la United States limalangiza kusunga pafupifupi malita 4 pa munthu aliyense patsiku. Tiwerengetsere banja la anthu asanu kwa masiku atatu: malita 60, kapena kuti zigubu zitatu zonga ichi. Amenewo ndi akumwa ndi kutsukira timbale pang'ono. Mabungwe othandiza pangozi amatsatira muyezo wotchedwa Sphere, umene umati munthu amafunika malita osachepera 15 patsiku kuti amwe, aphike ndi kudzisamalira. Banja lomwe lija ndiye kuti likufunika malita 75 tsiku lililonse. Palibe amene angasunge madzi otere a mwezi wathunthu m'chipinda. N'chifukwa chake kudziwa kuyeretsa madzi kumaposa kuchuluka kwa zigubu.

Njira yodalirika kwambiri ndi kuwiritsa. Madzi abwate ndithu kwa mphindi imodzi, ndipo ngati muli kumapiri, pamalo okwera kuposa mamita 2,000, abwate mphindi zitatu. Ngati ali amatope, ayambe adikha, kenako muwasefe ndi kansalu koyera.

Nkhuni kapena gasi zikasowa, pali klorini. Bulichi wamba wochapira, wopanda zonunkhiritsa, wa mphamvu ya pakati pa 5 ndi 9 peresenti, mumadonthezera madontho awiri mu lita imodzi, n'kutakasa, n'kudikira mphindi 30. Madzi akakhala a mbuu madonthowo akhale anayi. Werengani zolembedwa pabotolo, chifukwa mankhwalawa amasiyana mphamvu, komanso bulichi akakhalitsa amasukuluka.

Pali njira inanso imene ndimaikonda chifukwa siilira ndalama.

[Pa kanema: manja akudzaza botolo la pulasitiki loonekera mkati, n'kuligoneka pamalata.]

Tengani botolo la pulasitiki loonekera mkati, losaposa malita awiri, lopanda mikwingwirima yambiri. Thiranimo madzi oyera m'maso, tsekani, ligonekeni chammbali padzuwa kwa maola 6. Kuwala kwa dzuwa pamodzi ndi kutentha kumapha tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba. Kukachita mitambo, lisiyeni masiku awiri. Koma imvani bwino apa: kuwiritsa, klorini ndi dzuwa zimapha tizilombo, sizichotsa petulo, dizilo kapena mankhwala a m'munda. Madzi onunkha mafuta musamwe, kaya mwawiritsa chotani.

Ndalimbikira za madzi chifukwa nthawi zambiri matenda amabwera ngozi yeniyeni itadutsa. Ku Haiti chivomezi chinagwa mu Januwale 2010. Mu Okutobala chaka chomwecho kolera inalowa m'dzikolo, inafalikira kudzera m'madzi a mtsinje wa Artibonite, ndipo m'zaka zotsatira inapha anthu pafupifupi 10,000. Kolera imapha pothetsa madzi m'thupi, nthawi zina m'maola owerengeka, pomwe chopulumutsa moyo n'chinthu chotsika mtengo zedi. Sungani timapaketi ta ORS. Tikakutherani, sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Musaonjezere mchere poganiza kuti wodwala achira msanga, mungamupweteke, makamaka mwana. Azimwa pang'onopang'ono kosalekeza muli pa ulendo wopita naye kuchipatala. Ndipo mukakumba chimbudzi chongoyembekezera, chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30.

Tsopano za moto. Mu Febuluwale 2021 chisanu choopsa chinagwa ku Texas, magetsi n'kuzima kwa masiku angapo. Anthu oposa 200 anamwalira, ndipo ena mwa iwo sanafe ndi kuzizira. Anayatsa makala m'nyumba zotseka, ena analiza galimoto m'galaja kuti afundidwe, mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide n'kuwapha. Mpweya umenewu suoneka, sununkha. Munthu amangomva mutu, chizungulire ndi tulo, akagona osadzukanso. Mbaula isagone m'chipinda chotseka mawindo. Jenereta ikhale panja, mamita 6 kuchokera panyumba, utsi usalunjike pawindo. Pounikira, tochi ndi yabwino kuposa kandulo, makamaka pamene pali ana.

Zina ndingozitchula mofulumira. Furiji yosatsegulatsegula imasunga chakudya pafupifupi maola anayi magetsi atazima, ndipo firiza yodzaza imafika maola 48. Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu kapena ma ARV, asamadikire kuti m'botolo mutsale mapiritsi awiri. Akambirane ndi achipatala za kukhala ndi otsalako. Ziphaso, makalata a malo, mabuku a kuchipatala ndi ndalama zapamanja zosinthasintha zikhale m'pulasitiki yosalowa madzi, pamalo amene mungatole mumdima. Madzi osefukira musawadelere: othamanga akuya masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amatha kunyamula galimoto yaing'ono. Akuluakulu akalengeza kuti anthu asamuke, nyamukani nthawi yomweyo. Katundu adzapezeka wina.

[Chithunzi chisintha: matumba a mbewu zouma ali pamatabwa.]

Nanga vuto likapitirira masiku atatu aja? Namondwe Maria atawomba ku Puerto Rico mu Sepitembala 2017, panatha pafupifupi miyezi 11 kuti magetsi abwerere m'makomo onse. Chilala, nkhondo, mliri kapena kutha kwa ntchito zimatenganso nthawi yotere. Apa chikwama cha pangozi chimakhala chatha ntchito. Chotsala ndi zimene banja limadziwa kuchita ndi manja ake.

Pa intaneti mupeza anthu ambiri akutsatsa zakudya zodula za m'mapaketi, akuti zimakhala zaka makumimakumi. Ine sindikuona chifukwa choyambira pamenepo. Sungani chakudya chimene banja lanu limadya kale, ndipo muzidya chimene mwasungacho, chakale kutsogolo, chatsopano kumbuyo. Mukatero palibe chimene chingaonongeke, ndipo ana sadzakana chakudya chachilendo pa nthawi yovuta. Muzionjezera pang'ono mukamagula zinthu, mpaka mufike pa sabata, kenako mwezi. Ngongole yotengera kukonzekera ngozi nayonso ndi ngozi.

Mbewu zouma zili ndi adani awiri, chinyezi ndi tizilombo. Mbewu yosauma bwino imachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi ndipo satha ngakhale muphike. Mbewu zambiri zimafunika kuuma mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti kapena chapompo. Mulibe makina oyezera? Onani izi.

[Pa kanema: botolo lagalasi louma, mchere, ndi dzanja lodzaza mbewu.]

Tengani botolo lagalasi louma bwino, ikanimo mbewu zodzaza dzanja ndi mchere wouma masipuni awiri kapena atatu. Tsekani, khutchumulani, lisiyeni kwa kanthawi, mukhutchumulenso. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, mbewuzo zikadali ndi madzi, zibwezereni padzuwa. Ukamangoyoyoka, galasi lili mbee, ndiye kuti zauma.

Anankafumbwe nawo amapuma ngati ife. Mukatsekera mbewu m'chotengera chosalowa mpweya, iwo amatha mpweya wonse uli mkatimo n'kufa okha, popanda mankhwala. Umu ndi mmene amagwirira ntchito matumba a PICS, amene anapangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku United States: mapulasitiki awiri mkati, thumba lolukidwa kunja, lililonse lomangidwa palokha. Mgolo wotseka bwino umachitanso chimodzimodzi, bola muudzaze ndipo musamautsegule pafupipafupi. Sungani mbewu zosagaya, chifukwa ufa suchedwa kuonongeka. Matumba asakhudze pansi kapena khoma.

Amene ali ndi kamalo kolima, ngakhale kochepa, ayambe chaka chino. Ulimi suphunzirika njala itafika kale. Pamafunika nyengo zingapo kuti munthu adziwe dothi lake. Dziwaninso kuti mbewu ya haibulidi mukaibzalanso chaka chachiwiri zokolola zimatsika ndipo sizifanana, choncho yosunga chaka ndi chaka ikhale ya mtundu wobwerezeka. Ndipo mbewu yanu isakhale malo amodzi. Ku Svalbard, pachilumba chozizira cha dziko la Norway, kuli nkhokwe ya mbewu za dziko lonse imene inatsegulidwa mu 2008. Oyamba kukatengako mbewu anali a bungwe lofufuza za ulimi la ICARDA mu 2015, nkhondo ya ku Syria itawalepheretsa kugwiritsa ntchito nkhokwe yawo ya ku Aleppo. Anakazibzala ku Lebanon ndi ku Morocco, n'kuyambiranso. Zinatheka chifukwa anali atasungitsa zina kutali. Banja lingachite zomwezo: kambewu kena ndi makope a ziphaso zikhale kwa m'bale wa dera lina.

Denga nalo ndi chitsime. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi. Denga la masikweya mita 50 pa mvula ya mamilimita 20 limatulutsa pafupifupi malita 1,000. Madzi oyamba atayeni, amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame. Thanki ikhale yovundikira kuti udzudzu usaswane, ndipo akumwa muziwayeretsabe.

[Wofotokoza akukankhira zinthu zija pambali, n'kukhala pansi.]

Pali maganizo ena amene ndimawakana ndi mtima wonse, akuti kudzidalira n'kudzitsekera kumpanda ndi katundu wako, ena onse n'kuwaona ngati akuba. Zimene zinachitika ku Kobe, ku Japan, zikunena zina. Chivomezi cha pa 17 Januwale 1995 chinapha anthu oposa 6,000. Ofufuza atawerengera anthu amene anatulutsidwa amoyo pansi pa nyumba zogumuka, anapeza kuti pafupifupi 8 mwa 10 alionse anafukulidwa ndi abale awo ndi anthu oyandikana nawo. Ozimitsa moto, apolisi ndi asilikali anagwira ntchito yaikulu, koma misewu inali itatsekeka ndipo malo ofuna thandizo anali ambiri zedi. Amene anali pafupi ndi amene anadziwa kuti m'nyumba iyi mumagona agogo, ndipo chipinda chawo chili chakuno. Paja akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Choncho luso la chithandizo choyamba lisakhale la munthu mmodzi pamudzi kapena mumsewu wanu. Bungwe la Red Cross limaphunzitsa zimenezi m'maiko ambiri. Bala lotuluka magazi kwambiri limafuna kulipanikiza mwamphamvu ndi nsalu yoyera osaleka. Popsa ndi moto pamafuna madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osapakapo mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Izi munthu amaziphunzira tsiku limodzi, ndipo ziyenera kuyesezedwa ndi manja.

Sabata ino pezani mpata wokhala pansi ndi apabanja panu, kenako ndi oyandikana nawo. Gwirizanani kuti ndani adzanyamula wolumala kapena wokalamba amene sangathamange, ndani ali ndi fosholo, chingwe kapena njinga, ndipo malo okwera apafupi ali kuti. Sankhani malo awiri okumanirana mukabalalika, ena pafupi ndi nyumba, ena kunja kwa dera lanu. Sankhaninso m'bale mmodzi wakutali amene aliyense adzamutumizire uthenga, poti netiweki ikadzaza meseji imadutsa mosavuta kuposa kuimba. Manambala a foni alembedwe papepala, ndipo mwana aliyense wopita kusukulu akhale nalo lake m'chikwama, nambala imodzi aiiloweze pamtima.