Ndalama ya malata yathera ku Greyville

Moni nonse abale anga, a ku Joni, a ku Cape Town, a kuno ku Durban, ndi inu mukumvera muli kumudzi. Lero ndi Lamlungu pa 7 July 2024, ndipo mundikhululukire mawu asasa, ndagona maola atatu okha. Ndinalonjeza kuti sabata ino tikamba za mapasipoti, koma zimenezo zidikire. Zadzulo zanditsekera pakhosi.

Dzulo kunali Durban July, mpikisano waukulu wa mahatchi. Inu akutali mumangoonera pa TV zipewa ndi madiresi, koma kuno tsiku limeneli tauni yonse imanunkha mahatchi. Umachitika chaka chilichonse kuyambira 1897 mpaka lero, kawirikawiri Loweruka loyamba la July, pabwalo la Greyville lija lili ndi bwalo la gofu pakati pake. Mahatchi 18 amathamanga mamita 2,200, mphindi ziwiri ndi kanthu, basi zatha. Ine ndinapezako ganyu yotsuka matambula mu tenti ina. Ndipo ndinene monyadira, kukhitchini kuja tinalimo Amalawi asanu, palibe anakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka usiku. Bwana akafuna munthu wosaba, wosadandaula, amafunsa kuti Mmalawi alipo? Koma bwana yemweyo pofika nthawi yolipira akuti matambula asweka asanu ndi limodzi, aliyense ndimudula R150. Matambula aswa ndi alendo ake oledzera, ife tinangotola magalasi ndi manja athu. Ukafunsa akuyang'ana kumaso n'kunena kuti mapepala ako ali kuti. Mukudziwa kale mmene nkhani imathera ikafika pamenepo.

Koma R150 si imene yandisowetsa tulo. Ndi alamu anga, amuna a mchemwali wanga. Dzina sinditchula, ndawapempha ndipo avomera kuti ndiyankhule, ati mwina wina apulumuka.

Tili ndi chipereganyu cha anthu khumi, R500 aliyense pamwezi. Kutha kwa June inali nthawi ya alamu, analandira R5,000 m'manja. Ndalama imeneyi tonse timadziwa ntchito yake. Nyumba ya mayi ku Phalombe inagwa ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, zipupa tinadzutsa chaka chatha, chatsala ndi denga. Mayi, mchemwali wanga ndi ana atatu akugona pansi pa pulasitiki wakuda ndi udzu. Ndipo kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, lata limodzi mtengo wake ukumva chizungulire. Mwezi uno ndi wa chiperoni kwathu, kamvula kaja kosaleka, kozizira mpaka m'mafupa.

Ndiye kunabwera munthu, mnzawo wa alamu, amene amasesa m'makola a mahatchi ku Summerveld. Akuti alamu, hatchi yakutiyakuti ndimaiona ndekha mbandakucha, ikuuluka, ikudya bwino, eni ake aikapo ndalama zambiri. Pa khumi udzalandira zana. Alamu anawerengera mumtima kuti R3,000 ibereka R30,000, denga lonse, simenti, mpaka njinga ya kabaza. Anakabetcha osauza munthu.

Ine ndinawaona cha m'ma 4 koloko, nditatuluka kukataya madzi. Anaima kumpanda, jekete lawo la kutchalitchi, kapepala kali m'manja akukapinda n'kukatambasula, kukapinda n'kukatambasula. Mahatchi atakhota kulowa mzere womaliza, nthaka inanjenjemera, anthu kukuwa ngati bwalo ligwa. Inapambana ndi Oriental Charm. Ya alamu sinaoneke ngakhale pa anayi oyamba. Sanakuwe, sanatukwane. Anangovula chipewa n'kuyang'ana kapepala kaja nthawi yaitali.

Apa ndiye mundimvetsere, matchona anzanga, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi. Wosesa khola amadziwa hatchi imodzi, ya khola lake. Zina 17 zija sazidziwa, ndipo iliyonse ili ndi wosesa wake amene akulumbira kuti yake ikuuluka. Akanakhala kuti akudziwadi, bwenzi akusesabe ndowe? Ndipo muone mmene ndalama imayendera. Ku tote, zonse zimene anthu abetcha zimalowa mumphika umodzi, eni ake amayamba atapa gawo lawo, zotsalazo ndiye opambana agawane. Hatchi iliyonse ipambane, iwo adya kale. Kwa bookmaker, akakulemberani 10/1 akukuuzani poyera kuti iye akuona kuti hatchiyo igonja kambirimbiri isanapambane kamodzi. Pick 6 ija mumaikonda, muyenera kulasa mipikisano isanu ndi umodzi yotsatizana. Quartet, mahatchi anayi oyamba mwa ndondomeko yake. Azungu ndi amwenye mumawaona m'matenti aja akuponya R3,000 akuseka, kwa iwo ndi mtengo wa botolo limodzi. Ine ndatsuka matambula awo, ndaona. Kwa iwe ndi miyezi isanu ndi umodzi ya chipereganyu, ndi maondo ako otupa m'munda wa bwana. Simukusewera masewera amodzi ayi.

Ndipo tisanamize mahatchi okha. Angati mwa ife Loweruka lililonse ali ndi kapepala ka matimu 15 a mpira, R20 lero, R50 mawa, foni m'manja mpaka pakati pa usiku? Timati ndi zocheza. Kumudzi juga ankaichitira kuseri kwa msika, munthu akuopa kuonedwa ndi amalume ake. Kuno amalume kulibe, juga ili m'thumba, ndipo ukalowa m'shopu zobetchera muja pamakhala potentha, pali mipando ndi TV, palibe akufunsa pasipoti ngati wapolisi pamsewu. Ndikumvetsa chimene chimatikokera kumeneko. Munthu watha zaka zisanu ndi ziwiri osaona ana ake, akufuna tsiku limodzi lokha loti akwere basi ya ku Mwanza atanyamula kanthu. Njala imeneyo ndi yoona, inenso ndili nayo.

Chandiwawa kwambiri ndi R2,000 yotsala. Akanaima pomwepo bwenzi lero tikukamba za malata ochepa. Koma mtima unati bweza zako, ndipo anaiponya m'mipikisano yamadzulo, pang'onopang'ono, mpaka m'thumba munatsala R14. Tinakumana usiku ku Warwick pokwera taxi. Ndinawalipirira. Njira yonse sanayankhule, mutu uli pagalasi, anyamata akumbuyo akuimba atapambana R200 yawo. Titatsika ndi pomwe anandigwira mkono n'kuti, alamu, ndikawauza chiyani amayi a ana?

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinawauza mawu olemera pamsewu pomwepo, za mayi anga, za ana akutsokomola. Koma munthu ameneyu ndi yemwe anandisunga m'chipinda chake miyezi inayi nditangofika, ndi yemwe anandibisa mu 2019 anthu athu akuthamangitsidwa ku Sydenham. Sindingamutaye chifukwa cha tsiku limodzi.

M'mawa uno mchemwali wanga waimba, akufunsa ngati akauze mmisiri kuti abwere Lachitatu. Ndinapereka foni kwa alamu, ndinatuluka panja. Anamuuza okha zonse, ndinamva kulira mbali zonse ziwiri. Nthawi yanga ya chipereganyu ndi September, ndapempha amene akulandira July kuti tisinthane, ndipo tikumana madzulo ano 6 koloko kunyumba kwa atcheya. Mamembala amene mukumvera, bwerani nonse, ndipo musabwere kudzaweruza munthu, wadziweruza kale usiku wonse. Akavomera, ndalamayo sidutsa m'manja mwa aliyense, ipita molunjika kwa wogulitsa malata ku Phalombe, ndipo alamu azindibwezera R500 pamwezi. Za mapasipoti tikamba Lamlungu likubwerali.