Kapamba wa galu akadwala: zomudyetsa ndi zoyenera kupewa

[Chithunzi: galu wagoneka chifuwa ndi miyendo yakutsogolo pansi, mbuyo yake ili m'mwamba]

Taonani galu uyu. Mungaganize kuti akudzinyolola kapena akufuna kusewera. Koma ngati akungokhala chonchi osagwedeza mchira, wasanza kangapo, ndipo chakudya akungochinunkhiza n'kuchokapo, dziwani kuti m'mimba mukumupweteka kwambiri. Akugwada chonchi kuti ululu uchepeko. Dokotala wa ziweto akaona zimenezi, chimodzi mwa ziwalo zimene amayamba kuzikayikira ndi kapamba.

Tigwirizane kaye. Mawu oti kapamba ena amatchulira chiwalo china chimene chimasefa magazi. Ife lero tikunena za chimene madokotala amati pancreas, kachiwalo kopyapyala komwe kali pafupi ndi chifu, potsamira chiyambi cha matumbo aang'ono.

[Chojambula: chifu, kapamba ndi matumbo]

Kapamba ali ndi ntchito ziwiri. Amapanga insulin, yomwe imayang'anira shuga m'magazi. Amapanganso timadzi togaya chakudya: lipase amagaya mafuta, amylase amagaya sitachi, trypsin amagaya mapuloteni. Tsono apa mvetsetsani. Kapamba nayenso ndi mnofu. Bwanji timadzi togaya nyama sitimugaya mwiniwakeyo? Chifukwa trypsin amachoka mu kapamba ali mtulo, ndipo amakadzuka akafika m'matumbo. Akadzukira m'kati mwa kapamba nthawi isanakwane, kapamba amayamba kudzigaya yekha n'kutupa. Matendawa ndi amene amatchedwa pancreatitis.

Nthawi zambiri choyambitsa chake chenicheni sichipezeka. Koma nkhani imene madokotala amaimva kawirikawiri ndi yakuti dzulo lake galu anadya chonona: zikopa za nkhuku, mafuta odulidwa pa nyama, soseji, kapena anagwetsa bini n'kudzipatsa yekha phwando. Agalu onenepa kwambiri ali pachiopsezo, chimodzimodzi amene ali ndi mafuta ambiri m'magazi, matenda a shuga kapena matenda a Cushing (amene thupi limapanga mahomoni otchedwa cortisol mopitirira muyeso). Mitundu ina imadwala kuposa inzake, monga Miniature Schnauzer, Yorkshire Terrier ndi Cocker Spaniel. Mankhwala enanso, monga potassium bromide amene amapatsidwa kwa agalu a khunyu, amatha kuputa vutoli.

Galu amene akusanza mobwerezabwereza, wafooka ndipo akulira mukamugwira pamimba, musamudikirire kunyumba. Matendawa akakula amapha. Kuchipatala amamuyeza magazi, makamaka kuyeza kotchedwa cPLI, ndipo amamuunika m'mimba ndi makina a ultrasound. Chithandizo chake ndi diripi, mankhwala oletsa kusanza monga maropitant, ndi mankhwala amphamvu opha ululu. Chonde musatenge ibuprofen kapena mankhwala ena a anthu m'kabati n'kumumwetsa. Ibuprofen amabowola chifu cha galu ndi kuwononga impso.

Kale malangizo anali oti galu wotere asadye kwa masiku angapo kuti kapamba apume. Maganizo amenewo anasintha. Matumbo akakhala nthawi yaitali opanda chakudya amafooka, choncho masiku ano kusanza kukangoleka, galu amayamba kupatsidwa chakudya pang'onopang'ono.

Akabwerera kunyumba, ntchito yatsala m'manja mwanu, ndipo yagona pa chinthu chimodzi: mafuta. Mafuta ndi amene amakakamiza kapamba kugwira ntchito kwambiri. Madokotala ambiri amalangiza chakudya chimene mafuta ake sakupitirira 10 peresenti, madzi atachotsedwamo. Mawu akuti "madzi atachotsedwamo" ndi amene amasokoneza anthu, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi.

[Chithunzi: chitini cha chakudya chonyowa ndi thumba la chakudya chouma]

Pachitini ichi alembapo kuti mafuta ndi 4 peresenti. Pathumba ili alemba 9 peresenti. Mungathamangire chitini, eti? Dikirani. M'chitinimu 78 peresenti ndi madzi, kutanthauza kuti chakudya chenicheni ndi 22 peresenti yokha. Gawani 4 ndi 22, muchulukitse ndi 100, mupeza pafupifupi 18. M'thumbamu madzi ndi 10 peresenti, chakudya chenicheni ndi 90. Gawani 9 ndi 90, muchulukitse ndi 100, mupeza 10. Chitini chimene chimaoneka chosanona chija chili ndi mafuta pafupifupi kuwirikiza kawiri. Masamu amenewa achiteni musanagule chilichonse.

Chakudya cha tsiku chigaweni kanayi kapena kasanu, pang'onopang'ono, m'malo momuunjikira mbale imodzi. Masiku oyambirira mutha kumuwiritsira nyama ya pachifuwa cha nkhuku, yochotsa chikopa, ndi mpunga woyera wopanda mafuta. Koma izi n'zongodutsira. Mulibe calcium wokwanira ndi michere ina, ndipo galu akakhala pa zimenezi miyezi yambiri amadwala zina. Ngati mukufuna kumamuphikira nokha mpaka kalekale, dokotala akulembereni kaphikidwe kokwanira.

Kunena zoona, chovuta si kusankha chakudya. Chovuta ndi anthu a m'nyumba. Inu mukutsatira malangizo onse, koma mwana akumuponyera tchizi pansi pa tebulo, mlendo naye wamumvera chisoni poona maso ake aja. Kachidutswa kamodzi konona kakhoza kumubwezera pa diripi. Uzani aliyense, ndipo bini muzitseka. Akamapempha, mupatseni kaloti kapena muchotseko pa chakudya chake chomwecho. Ngati ndi wonenepa, achepetse thupi pang'onopang'ono.

[Chithunzi: galu wa mtundu wa German Shepherd wowonda, nthiti zikuonekera]

Tsopano galu wina uyu. Amadya ngati sanaonepo chakudya, koma akungowonda. Chimbudzi chake ndi chambiri, chotuwa, chofewa, chonyezimira mafuta, ndipo fungo lake simungaliiwale. Nthawi zina amadya ngakhale chimbudzi chake chomwe. Vuto ndi kapamba yemweyo, koma apa sanatupe. Wafota, ndipo waleka kupanga timadzi togaya chakudya. Matendawa amatchedwa EPI. Amakonda kugwira ma German Shepherd ndi ma Rough Collie akadali aang'ono, komanso amatha kugwira galu wa mtundu uliwonse amene kapamba wake wakhala akutupa kwa zaka. Zizindikiro zimaoneka kapamba atatha kale pafupifupi 90 peresenti ya mphamvu zake. Amawapeza poyeza magazi, kuyeza kotchedwa TLI, galu atagona ndi njala usiku wonse.

Apa musatenge malangizo a galu woyamba uja n'kuwagwiritsa ntchito mwachimbulimbuli. Galu wa EPI amene kapamba wake sakutupa safunika kumanidwa mafuta kwambiri, chifukwa ndi wowonda kale. Chimene akusowa ndi timadzi tija. Madokotala amapereka ufa wokhala ndi timadzi timeneti, wopangidwa kuchokera ku kapamba wa nkhumba, umene mumausakaniza m'chakudya nthawi iliyonse akamadya, moyo wake wonse. Nthawi zambiri amayamba ndi supuni yaing'ono imodzi pa makilogalamu 10 alionse a kulemera kwa galu nthawi iliyonse akamadya, kenako dokotala amachepetsa akaona kuti chimbudzi chalimba ndipo thupi likubwerera. Usakanizeni bwinobwino ndi chakudya chonyowetsa, chifukwa ufa wouma umatha kumuchititsa zilonda m'kamwa. Pewaninso chakudya cha fiber wochuluka (mbali ya zomera imene sigayika m'mimba), chifukwa chimalepheretsa ufawo kugwira bwino ntchito.

Ndipo ngati ufa mukupereka koma galu sakunenepa, funsani za vitamini B12. Agalu ambiri a EPI amasowa vitaminiyu, ndipo amafunika jakisoni kapena mapiritsi ake.

Paja tinati kapamba amapanganso insulin. Kutupa kukamabwerezabwereza, mbali imeneyonso imawonongeka. Galu amene anadwalapo kapamba akayamba kumwa madzi ambiri, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda chikhalirecho akudya bwino, pitani naye akamuyeze shuga sabata yomweyo.