Kodi m'kansomba aka muli chiyani? Makalata a omvera

Moni omvera nonse kulikonse kumene mukutimvera. Sabata yatha tinacheza za akatswiri amene amafufuza mbiri ya nsomba, zamoyo ndi zija zinafa kalekale mafupa ake n'kusanduka miyala. Makalata abwera ochuluka ndithu, koma lero ndiwerenga atatu.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina, msodzi wa ku Chembe ku Mangochi. Akuti: "Ine ndakalambira m'bwato. Chaka ndi chaka kumabwera anthu a kafukufuku, azungu ndi akwathu omwe, kudzamira ndi mabotolo a mpweya kumsana. Chambo sachifuna, kampango samufuna, amangolimbana ndi timbuna tosakhutitsa ngakhale mwana. Ine ndinawapalasirapo bwato n'kuwalozera miyala imene timbuna ta mizeremizere timakhala. Analemba m'kabuku, anapita, mpaka lero zii. Kodi m'kansomba aka muli chiyani?"

Bambo, zikomo kwambiri, ndipo dandaulo lanu ndi lomveka. Ndiyambe ndi funso lija. Mbuna, chambo, utaka ndi ncheni ndi banja limodzi, ndipo m'nyanja yathu muli mitundu ya banja limeneli yoposa 700. Ena amati ingafike 1,000. Palibe nyanja ina ya madzi opanda mchere padziko lonse yosunga mitundu ya nsomba yochuluka chotere, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Chodabwitsa n'chakuti akatswiri akayeza DNA ya nsombazi, kanthu ka m'thupi kosunga zotengera kwa makolo, amapeza kuti zambiri mwa izo, kupatulapo chambo, n'zapachibale kwambiri, zinachokera kwa makolo amodzi m'zaka pafupifupi miliyoni imodzi zapitazi. Kwa ife zaka zimenezo n'zosawerengeka, koma m'mbiri ya zamoyo ndi dzulodzuloli.

Inu mukuzidziwa bwino kuposa ine. Ina ili ndi timano tonga burashi topalira ndere pamwala, ina imaswa nkhono, ina imangodya mamba a zinzake. Kalingono amagona chammbali pamchenga ngati wafa, kansomba kakabwera kudzanunkhiza, iye n'kukambwandira. Zonse zili ndi nsagwada zachiwiri kukhosi zopukusira chakudya, kotero pakamwa pamakhala pomasuka kusinthika malinga ndi chimene mtunduwo umadya. Ndiye mbuna sikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya. Ikabadwira pa miyala ya pa chilumba cha Thumbi imakulira ndi kudzafera pomwepo, ndipo yaikazi imasankha yaimuna poyang'ana mtundu wa thupi. Pakapita mibadwo yambiri, za pachilumba ichi ndi za pachilumba icho sizikwatirananso. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja n'kutulutsa matope akale, ndipo matopewo anaonetsa kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo kunagwa chilala choopsa, madzi anatsika mamita mazana angapo. Nyanja ikaphwa n'kudzazanso, miyala yatsopano imamira, nsomba n'kupatukana mwatsopano. Mwala umene munawalozera aja, bambo, ndi umboni wa nkhani imeneyi.

Koma zongopita osatsanzika, ayi, n'zolakwika. Dzina lakuti mbuna lenilenilo akatswiri analitenga kwa asodzi a Chitonga ku Nkhata Bay, ndipo lero likutchulidwa m'mayunivesite a dziko lonse. Munthu amene wakuonetsa njira umabwerera kukamuuza kumene wafika. Ofufuza amene mukumvera, pitani mukakhale pansi pa mtengo ndi asodzi, muwafotokozere m'chinenero chawo.

Kalata yachiwiri yachokera kwa achimwene athu amene akugwira ntchito ku East London, South Africa. Akuti: "Tsiku lopuma ndinalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda uno. Ndinaonamo chinsomba chachikulu, mamba ake okhakhala, zipsepse zake ngati timiyendo. Akuti anthu ankayesa kuti chinatha pamodzi ndi ma dinosaur. Kodi n'zoona, kapena n'zokopera alendo?"

N'zoona achimwene, ndipo mwaona ndi maso anu nsomba imene ambiri timangoiona pa zithunzi. Imatchedwa coelacanth. Akatswiri ankaidziwa kuchokera m'miyala mokha, ndipo ankakhulupirira kuti inatha zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo. Pa 22 December 1938, Marjorie Courtenay-Latimer, mtsikana amene ankayang'anira nyumba mwalowayo, anaitanidwa kudoko kuti akaone zimene sitima ina yausodzi inagwira. Pansi pa mulu wa nsomba anaona chipsepse cha buluu. Sanadziwe kuti n'chiyani, koma mtima unamuuza kuti asachisiye. Anachinyamula pa takisi, chinsomba cha mita imodzi ndi theka, nyengo yotentha, malo ozizira oti achisunge osawapeza. Anajambula chithunzi pamanja n'kutumiza kwa J.L.B. Smith wa ku Rhodes University ku Grahamstown, yemwe kwenikweni ankaphunzitsa chemistry, za nsomba ankangozikonda. Kalata inachedwa chifukwa cha tchuthi cha Khirisimasi, ndipo pamene Smith ankayankha kuti sungani zam'kati, zinali zitawola kale n'kutayidwa.

Taganizani kupweteka kwake. Smith anadikira zaka 14 kuti apeze ina yathunthu. Anamwaza zikalata m'mphepete mwa nyanja ya mchere, m'Chingerezi, m'Chipwitikizi ndi m'Chifalansa, kulonjeza mapaundi 100. Mu 1952 inapezeka ku zilumba za Comoros, ndipo anaigwira ndi msodzi wamba. Kumeneko asodzi ankaidziwa kale, ankaitcha gombessa. Bambo a ku Chembe, mwamva? Kenako inadzapezekanso ku Mozambique mu 1991, ndi ku Sodwana Bay mu 2000. Dzina lake la sayansi ndi Latimeria chalumnae, kulemekeza mtsikana uja ndi mtsinje wa Chalumna pafupi ndi pamene inagwidwa.

Timiyendo mwationato tili ndi mafupa m'kati, n'chifukwa chake akatswiri amaiika pafupi ndi gulu la nsomba zakale zimene zinabala nyama za miyendo inayi. Komabe wachibale wapafupi koposa si iyeyo ayi. Ndi nsomba ya mapapo ija ya m'madambo a ku Chigwa cha Shire, imene madzi akaphwa imadzikwirira m'matope n'kudikira mvula. Anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa amaidziwa.

Yomaliza yandikhudza kwambiri. Yachokera kwa mtsikana wa Fomu 3 ku Karonga. Akuti: "Aphunzitsi anatitengera kukaona mafupa a dinosaur wotchedwa Malawisaurus, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndimafuna kudzakhala wofufuza mafupa akale, makamaka a nsomba. Koma amalume akuti imeneyo si ntchito, ndi masewera a azungu, ndichite za unamwino. Ndiwayankhe bwanji?"

Mwana wanga, amalume usawanyoze. Akuopa kuti udzavutika, ndipo mantha awo ali ndi pogwira. Ntchito za mtunduwu n'zochepa, ndalama za kafukufuku amachita kupempha polemba makalata, nthawi zambiri n'kukanidwa. Digiri yoyamba sikwanira; pamafunika yachiwiri ndi yaudokotala wa kafukufuku (PhD), zaka zingapo pamwamba. Ndipo kukumba kwake si kwa tsiku limodzi. Neil Shubin, Ted Daeschler ndi Farish Jenkins ankafuna nsomba ya pakati pa za m'madzi ndi za pamtunda. Anawerengera kuti iyenera kupezeka m'miyala ya zaka pafupifupi 375 miliyoni, anayang'ana pa mapu, napita kumpoto kwenikweni kwa Canada, kozizira koopsa. Anayamba mu 1999, anabwererako kangapo chimanjamanja, ndalama zikutha. Mu 2004 pa chilumba cha Ellesmere anaona mphuno itatulukira m'mwala: nsomba ya mamba, mutu waphwatalala ngati wa ng'ona, yokhala ndi khosi, m'zipsepse muli mafupa onga a dzanja. Dzina anakapempha kwa akuluakulu a mtundu wa Inuit, eni dera, ndipo iwo anati Tiktaalik.

Koma zakuti ndi masewera a azungu, pamenepo auze amalume mwaulemu za Dr Elizabeth Gomani-Chindebvu. Ndi Mmalawi, anakumba nawo mafupa ku Mwakasyunguti m'boma lako lomwelo, anali m'gulu la katswiri wa ku America Louis Jacobs limene linapereka dzina la Malawisaurus mu 1993, ndipo mu 2005 iye mwini anatcha dinosaur wina dzina lakuti Karongasaurus. Ku Uraha, ku Karonga komweko, mu 1991, kunapezeka nsagwada ya munthu wakale ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. M'dothi lomwelo, limene akatswiri amalitcha la Chiwondo, mumatuluka mano ndi timafupa ta nsomba, ndipo tinthu timeneti ndi timene tingathandize kudziwa nsomba zimene zinali kuno mbuna zisanachuluke. Mafupa a nsomba ndi osalimba, sasungika msanga, choncho kadzino kalikonse n'kamtengo wapatali. Winawake ayenera kukhala pansi n'kusefa mchengawo, ndipo ine ndingakondwe atakhala mwana wa ku Karonga.

Limbikira Biology, Geography, Chemistry ndi masamu. Chingerezi usachitaye, pakuti wofufuza amalemba kwambiri kuposa kukumba. Ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a zamoyo ndi a miyala, ku Bunda ndi ku Mzuzu University kuli a nsomba. Pa tchuthi pita ku Cultural and Museum Centre Karonga, ukafunse ngati ungathandizeko ngakhale kupukuta fumbi, ndipo uyambe kusunga kabuku kolembamo chilichonse waona, tsiku lake ndi malo ake. Ukapeza fupa m'khwawa usalizule. Malo amene lagona amanena zambiri kuposa fupalo. Ika chizindikiro, ukawauze a kumiyuziyamu. Ulendo wotsatira uwatenge amalume akaone okha mafupa a chinyama chija, kenako udzatilembere zimene anena.