Mipikisano ya galimoto ndi njinga zamoto ku South Africa: anayamba ndani, analowa ndani

Zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko. Ambiri a inu mumadutsa ku Midrand popita kuntchito, ndipo chikwangwani cholembedwa Kyalami munachionapo. Lero ndikuuzeni zimene zinkachitika kuseri kwa mpanda wa bwalo la mipikisano ya galimoto limene lija.

Koma nkhaniyi sinayambire pa Kyalami ayi. Inayambira pamsewu wamba. Kuyambira mu 1913, anthu ankapikisana pa njinga zamoto pakati pa Durban ndi Johannesburg, misewu yake yafumbi, yodutsa m'mapiri ndi m'mafamu. Mpikisanowu unatha mu 1936, chifukwa liwiro linali litakula ndipo kuthamangitsana pamsewu woyenda aliyense kunasanduka ngozi. Masiku ano amaukumbukirabe chaka ndi chaka ndi njinga zakalekale, koma salimbirananso kufika msanga.

Mpikisano waukulu wa galimoto nawo unayamba ku East London mu 1934, pomwe Whitney Straight anapambana pa Maserati. Ku East London komweko ndi kumene Formula One, mpikisano wapamwamba kwambiri wa galimoto pa dziko lonse lapansi, inafikira mu 1962. Kenako mu 1967 inasamukira pa Kyalami, bwalo lomwe linatsegulidwa mu 1961.

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa mpikisano wa 1967 ndimaukonda. Kunali bambo wina wa ku Bulawayo, John Love, amene anabwera ndi galimoto yakale ya Cooper, yomwe akuluakulu a ku Ulaya ankaiona ngati yotha ntchito. Anthu anangodabwa akutsogola! Kutatsala pang'ono kuti mpikisano uthe, mafuta anamuvuta, anapatuka kukathira, Pedro Rodríguez wa ku Mexico n'kumudutsa. Love anamaliza wachiwiri. Amene mumakonza galimoto mukudziwanso kuti kuno n'kokwera, mamita opitirira 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya ndi wopepuka, injini siikoka ngati ku Durban. Ndiye pa Kyalami makaniko wodziwa kutchuna injini ankafunika ngati dalaivala yemwe.

Dzikoli linatulutsa akatswiri enieni. Jody Scheckter wa ku East London anapambana pa Kyalami mu 1975, ndipo mu 1979 anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi akuyendetsa Ferrari. Pa njinga, Kork Ballington anatenga zikho zinayi za dziko lonse lapansi pa Kawasaki m'zaka ziwiri zokha, 1978 ndi 1979, ndipo Jon Ekerold anatenga chake mu 1980 popanda kampani yaikulu yomuthandiza. Magazi nawo anakhetsedwa. Mu 1977 pa Kyalami, mnyamata wa zaka 19 wothandiza pabwalo anadumpha msewu atanyamula chozimira moto, galimoto ya Tom Pryce n'kumuomba. Onse awiri anafera pomwepo.

Tsopano tamverani mayina ndatchulawa. Mwamvamo dzina la munthu wakuda? Mulibe. Inali nthawi ya tsankho, ndipo masewerawa anali a azungu, ndalama zake ndi mwayi wake womwe. Mayiko akunja atayamba kunyanyala South Africa pa masewera ena, Formula One inachedwa kwambiri kuchoka, ndipo ine ndimati imeneyo ndi mbiri yochititsa manyazi. Mu 1985 matimu a ku France, Renault ndi Ligier, anakana kubwera, ndipo chitatha chaka chimenecho mpikisano unaima. Unabweranso mu 1992 ndi 1993, Mandela atatuluka m'ndende, kenako ndalama zinavuta. Kuchokera pamenepo Formula One sinapondenso mu Africa. Mpikisano waukulu wa njinga, umene lero umatchedwa MotoGP, unayesako pa bwalo la Phakisa pafupi ndi Welkom kuyambira 1999 mpaka 2004, nawonso unapita.

Nanga anthu a m'malokeshoni anangokhala manja lende? Ayi ndithu. Ku Soweto, m'zaka za m'ma 1980, kunabadwa masewera awoawo otchedwa spinning. Munthu amatenga BMW 325i, imene amaitcha gusheshe, n'kumaizunguza pamalo amodzi, matayala akulira, utsi uli tolotolo, ena mpaka kutuluka pawindo galimoto ikuzungulirabe. Poyamba zinkachitika pamaliro a zigawenga, pogwiritsa ntchito galimoto zakuba, n'chifukwa chake apolisi ankadana nazo. Lero ndi masewera ovomerezeka, ali ndi mabwalo awo, atsikana nawo akuyendetsa. Achinyamata inu ndaona maso akuwala. Ndati pabwalo, osati pamsewu wa kwanu pomwe ana akusewera!

Pa mipikisano ya liwiro, wakuda amene anadziwika kwambiri ndi Gugu Zulu, yemwe anamwalira mu 2016 akukwera phiri la Kilimanjaro. Chaka chomwecho Brad Binder anatenga chikho cha dziko lonse lapansi cha Moto3, gulu la njinga zing'onozing'ono, ndipo mu 2020 anapambana MotoGP ku Brno pa njinga ya KTM, uli mpikisano wake wachitatu chabe m'gulu la akuluakulu.

Kyalami ilipobe. Inagulidwa mu 2014 pa mtengo wa R205 miliyoni n'kukonzedwanso, ndipo boma lakhala likunena kuti likufuna Formula One ibwerere. Chovuta ndi ndalama zomwe eni mpikisanowo amafuna chaka chilichonse. Amene muli ndi mafunso, kwezani manja tiyambe ndi amayi kutsogoloku.