Envulopu ya ku Northampton

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli m'basi kupita ku shifiti ya usiku, kaya muli ku Area 25 mukutsuka mbale. Ndine uja wa ku Leicester, ku Mangalande. Mawu akamveka osasa mundikhululukire, ndangoweruka kumene. Nkhani ya lero ndakhala ndikuizemba kwa nthawi yaitali, chifukwa ndi ya ngongole, ndipo ife anthu a kunja timafuna kuti kumudzi aziti zonse zili bwino.

Ndinabwera kuno mu 2022 pa viza ya ntchito yosamalira okalamba. Chaka chotsatira bambo anga anamwalira ku Dedza. Mukudziwa mmene zimakhalira: mwana amene ali ku Mangalande ndiye bokosi, ndiye galimoto, ndiye ufa ndi ndiwo za pamaliro. Tikiti ya ndege yogula lero kuti unyamuke mawa sindinena. Usiku womwewo ndinatsegula foni n'kukongola mapaundi 4,000. Sipanathe ola, ndalama zinali zitalowa. Kunalibe wondiyang'ana m'maso, kunalibe mboni ngati ku banki mkhonde. Ndinangodina kuti ndavomera, osawerenga n'komwe za chiwongoladzanja.

Miyezi yoyamba ndinkabweza bwinobwino. Kenako kuntchito anatidula maola, sabata zina masiku atatu okha. Lendi siidikira, magetsi ndi gasi sizidikira. Kumudzinso, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu ankaganiza kuti ndalemera, poti paundi imodzi inkabala makwacha ambiri. Anaiwala kuti feteleza ndi shuga nazo zinakwera. Ndinadumpha mwezi umodzi, kenako wachiwiri, mpaka ndinasiya kuwerenga.

Makalata anayamba kubwera. Yoyamba yoopsa imatchedwa default notice, imakupatsa masiku 14 kuti ulipire zimene unadumpha. Ndinaiika m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa firiji. Patapita miyezi inabwera ina yochokera ku kampani imene sindinaimvepo. Ndinati awa ndi akuba a pa intaneti. Sanali akuba ayi. Kuno ngongole imagulitsidwa ngati mbuzi pamsika: amene unakongolako amaigulitsa kwa ena, ndipo enawo ndi amene amakusaka. Iwowa ananditumizira Letter of Claim, kalata imene lamulo limati ayambe atumiza asanakusumire, ndipo uli ndi masiku 30 oti uyankhe. Pamenepo ndikanalankhula nawo, mwina nkhani sikanafika kukhothi. Nayonso inalowa m'chitini.

Ndiye tsiku lina mu 2024 ndikuchokera kuntchito, ndapeza envulopu yonenepa. Mkatimo muli chidindo cha khothi, adiresi ya ku Northampton. Kumeneko kuli likulu limene limatulutsa masamani ambiri a ngongole a ku England ndi Wales. Pamwamba pa ngongole yotsala anali atawonjezerapo mapaundi 205 a khothi ndi 80 a maloya awo. Ndinakhala pansi m'khitchini jekete ili m'thupi. M'mutu mwanga munali zinthu ziwiri zokha: ndende, ndi ndege yondibweza ku Chileka nditanyamula chikwama chimodzi.

Pafupifupi masabata awiri sindinauze munthu. Lamlungu kutchalitchi, mayi ena achikulire a ku Mulanje, namwino amene wakhala kuno zaka zoposa makumi awiri, anandikokera pambali tikumwa tiyi. Anati, "Mwananga, wawonda. Ukudwala?" Ndinati, "Ayi Anti, ndi ntchito chabe." Anandiyang'ana osaphethira mpaka ndinatulutsa pepala lija m'chikwama. Anavala magalasi, n'kuyang'ana deti, n'kuyamba kuwerenga masiku ndi zala. Anati, "Khothi limawerenga kuti walandira patatha masiku asanu chitulutsireni samaniyi, kenako uli ndi masiku 14. Kwatsala anayi. Makalata ena ali kuti?" Ndinati, "Ali m'chitini, Anti." Anangoti, "Iwe!" n'kutenga makiyi a galimoto.

Chimene anandiuza m'galimotomo ndikufuna nanunso muchimve. Kuno munthu samangidwa chifukwa cholephera kubweza ngongole ya mtundu uwu. Ndi mlandu wa pakati pa iwe ndi wokongoza, apolisi sizikuwakhudza. Ife tinakulira kumene wakatapila amakuopseza kuti akakutsekeretsa ku polisi, kapena amabwera ndi anyamata kudzanyamula wailesi, ndiye mantha aja timakwera nawo ndege. Choopsa chenicheni ndi kukhala chete. Ukapanda kuyankha, khothi limagamula iwe kulibe, ndipo nthawi zambiri limati ulipire zonse nthawi imodzi. Ukalephera pamenepo m'pamene amatha kupempha kuti abwana ako azidula kumalipiro, kapena kutumiza ma bailiff, aja kwathu timati masherifu. Ngakhale iwowo, pa ngongole ngati yanga, saloledwa kuthyola chitseko cha nyumba yogona.

Lolemba m'mawa ndinaimbira StepChange, bungwe lopereka uphungu wa ngongole mwaulere. Kulinso National Debtline ndi Citizens Advice. Ndikutsindika mawu oti mwaulere, chifukwa pa Facebook pali ena amene amafuna uwalipire kuti akuthandize kutuluka m'ngongole, zimene kwa ine n'chimodzimodzi kutunga madzi ndi dengu. Mlangiziyo anandifunsa kaye ngati ngongoleyo ndi yangadi, ngati ndalama zake zili zolondola, ndiponso kuti ndinalipira liti komaliza. Chifukwa chake n'chakuti pakatha zaka zisanu ndi chimodzi osalipira kapena kuvomera polemba, wokongoza asanasume, ukhoza kudziteteza kuti nthawi inatha. Yanga inali yaiwisi, panalibe pothawira.

Mu envulopu muja mumakhala mafomu. N9B ndi ya wokana mlandu, N9A ndi ya wovomera. Ukafuna nthawi yokonzekera kukana, umadziwitsa khothi kuti samani walandira, masiku aja amakhala 28. Ine ndinalemba N9A. Fomu imeneyi ndi imene inandivula. Umalemba zimene umalandira, kenako lendi, msonkho wa khonsolo (council tax), basi, chakudya, zonse. Titafika pa ndalama zotumiza kumudzi ndinachita chibwibwi. Mlangiziyo anafunsa mwaulemu kuti, "Kodi mungachepetseko?" Ndinafuna kumufotokozera kuti si mphatso, ndi mankhwala a BP a mayi anga, ndi fizi ya mlongo wanga wa Fomu 3. Koma manambala anali poyera: ndinkatumiza ndalama zimene ndinalibe.

Ndinapempha kulipira mapaundi 50 pamwezi. Kampani ija inakana. Zikatero khothi limayang'ana fomu yako n'kuika lokha mlingo, ndipo ine anandiikira 70. Kukhothi sindinapondeko, woweruza sindinamuone, zonse zinathera pa mapepala. Suti imene ndinasita usiku wina ndi mantha ili m'kabati mpaka lero.

Koma musaganize kuti ndinapulumuka. Kuvomera kumatanthauza kuti chigamulo chagwa, chija amati CCJ. Dzina lako limalowa m'kaundula amene amasungidwa ndi bungwe la Registry Trust, ndipo limakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi. Ukalipira zonse mkati mwa mwezi umodzi amalifufuta. Ukamaliza mochedwa amangolemba kuti unalipira, koma dzina limakhalabe. Ine mwezi umodziwo ndikanazitenga kuti? Kuyambira pamenepo ndakanidwa foni ya kontrakiti, ndipo nyumba ina imene ndinaikonda, ya chipinda chimodzi pafupi ndi kuntchito, anandiuza kuti ndipeze munthu wondiimira kapena ndiiwale. Ndikadali m'nyumba yogawana khitchini ndi anthu anayi.

Za viza, ambiri mwandifunsa m'mauthenga ngati chigamulo chotere chingawononge viza ya anzanu, ngakhale ndikudziwa kuti ena "anzanuwo" ndinu nomwe. Pa fomu yowonjezera viza pali funso lofunsa ngati khothi linakugamulapo pa nkhani ngati ya ngongole. Ndinayankha kuti inde, n'kuika umboni woti ndikulipira mwezi ndi mwezi. Anti anandichenjeza kuti kubisa n'kumene kumagwetsa anthu, chifukwa kaundula uja aliyense akhoza kumufufuza. Viza inatuluka. Imeneyo ndi nkhani yanga, yanu mukaonane ndi mlangizi wovomerezeka wa za olowa m'dziko.

Chovuta kuposa zonse chinali foni ya ku Dedza. Ndinati, "Amayi, ndili ndi ngongole, yafika kukhothi. Ndizitumiza theka la zija ndinkatumiza." Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti netiweki yaduka. Kenako anati, "Ndi ya maliro a bambo ako ija?" Ndinati eya. Anati, "Ndiye unasenza wekha chaka chonsechi? Achimwene ako aja ali ndi ng'ombe." Sabata yotsatira mlongo wanga ananditumizira chithunzi: amayi atayala tomato ndi anyezi pa msewu wa M1, atavala chitenje chimene ndinawagulira.

Pa 1 mwezi uliwonse mapaundi 70 amachoka okha ku akaunti. Dzina langa lidzatuluka m'kaundula mu 2030. Chitini chija ndinachitsuka, pano muli matumba a tiyi wa Chombe amene Anti anandibweretsera atapita kumudzi. Ndasiyira pomwepa, ndikagone, shifiti ikuyamba 8 koloko usiku.