Opanda mapepala ku America: bwanji sangokonza mapepalawo?

Moni nonse, takulandirani. Nkhani ya anthu opanda mapepala ku America ikangoyamba, sipalephera kupezeka wina wofunsa kuti, "Bwanji sangoima pamzere ngati anzawo n'kutenga mapepala?" Funsoli ndi lomveka. Koma kwa ambiri mwa anthuwa, mzerewo kulibe, ndipo amene anauchotsa ndi malamulo omwewo.

Kwa zaka zambiri anthu amenewa ankawerengedwa kuti alipo pafupifupi 11 miliyoni. Akafukufuku a ku Pew Research Center akuti pofika 2023 anali atafika 14 miliyoni. Si onse anadutsa pamalire mozemba. Ambiri anabwera pandege ndi viza yabwinobwino, vizayo n'kutha iwo akadali komweko.

[Pa sikirini: 1986]

Chaka chimenechi Pulezidenti Ronald Reagan anasainira lamulo lomwe linapereka mapepala kwa anthu pafupifupi 2.7 miliyoni. Unali mgwirizano wa mbali ziwiri: amene alipo kale tiwakhululukire, koma kuyambira lero bwana wolemba ntchito munthu wopanda mapepala azilangidwa. Mbali yoyamba inachitika. Yachiwiri inangokhala papepala, chifukwa zikalata zachinyengo sizinkasowa ndipo mabwana sankafufuza kwenikweni. Chachikulu china n'choti lamuloli silinatsegule khomo lokwanira kwa antchito obwera m'tsogolo. Minda, zomangamanga ndi mafakitale ophera nyama zinkafunabe anthu, ndiye anthu anapitiriza kubwera. Mpaka lero, ma green card (zilolezo zokhazikika m'dzikomo) a antchito wamba opanda maphunziro apamwamba sapitirira 10,000 pachaka, m'dziko la anthu oposa 330 miliyoni.

[Pa sikirini: 1996]

Apa ndiye pali mutu wa nkhani, tiyende pang'onopang'ono. Mu 1996, nthawi ya Bill Clinton, kunabwera lamulo loti ukakhala m'dzikomo popanda chilolezo masiku oposa 180 kenako n'kutuluka, suloledwa kubwerera kwa zaka 3. Ukakhala chaka chathunthu kapena kuposerapo, zakazo ndi 10.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Mexico amene anadutsa malire mozemba ali mtsikana. Wakhala zaka 15, anakwatiwa ndi nzika ya America, ali ndi ana awiri obadwira komweko, amenenso ndi nzika. Mwamuna wake ali ndi ufulu womupemphera green card. Koma poti mayiyu sanalowere pachipata, lamulo limati akamalizitsire zonse ku ofesi ya kazembe wa America kwawo, ku Ciudad Juárez. Tsiku lomwe waponda kunja kwa malire, zaka 10 zija zayamba kuwerengedwa. Pali njira yopempha chikhululuko, inde, koma ayenera kusonyeza kuti mwamuna wake kapena kholo lake livutika koopsa iye akachoka. Kuvutika kwa ana, pakokha, lamulo silikuwerengera. Mwamva bwino, ana sawerengedwa.

Tsopano taonani mnzake woyandikana naye nyumba, amene anabwera ndi viza ya alendo n'kupitirira masiku. Nayenso alibe mapepala, nayenso wakwatiwa ndi nzika. Iyeyu angathe kukonza zonse ali momwemo, osatuluka. Mlandu ndi wofanana, chasiyana ndi polowera basi.

Ndiye mayi woyamba uja achita chiyani? Akhala chete. Lamulo lomwe linapangidwa kuti anthu azichoka ndi lomwe likumuletsa kuchoka. Katswiri wina wa ku yunivesite ya Princeton, Douglas Massey, wakhala akusonyeza zofanana pa nkhani ya malire: kale amuna ambiri a ku Mexico ankabwera kudzagwira ntchito nyengo yokolola n'kubwerera kwawo. Kudutsa kutakhala kodula ndi koopsa, anasiya kubwerera, m'malo mwake anaitanitsa mabanja awo.

[Pa sikirini: Nanga kudipota?]

Ena amati, ingowadipotani onse nkhani ithe. Tiwerengere limodzi. Mu 2012, nthawi ya Barack Obama, bungwe la boma logwira ndi kubweza kwawo anthu opanda mapepala, la ICE, linadipota anthu oposa 400,000, chimodzi mwa ziwerengero zazikulu m'mbiri yake. Pa liwiro limenelo, anthu 14 miliyoni angatenge zaka 35, ndipo apo tikuyerekeza kuti palibe wina watsopano akulowa.

Komanso munthu sangonyamulidwa n'kuponyedwa m'ndege. Amene wakhazikika nthawi yaitali nthawi zambiri amayenera kuonekera kwa woweruza wa za olowa m'dziko. Kumapeto kwa 2023 milandu yodikira m'makhoti amenewa inadutsa 3 miliyoni, moti ena amadikira zaka kuti tsiku lawo lifike. Poti si milandu yaupandu, boma silikupatsa loya. Ulibe ndalama, uziyankhira wekha, ngakhale uli mwana wamng'ono woti miyendo siikufika pansi ukakhala pampando wa m'khoti. Ineyo pamenepa sindiona chifukwa chomveka. Amene akufuna kuti milandu izithamanga ayeneranso kufuna maloya, chifukwa mlandu wa munthu wosamvetsa zomwe zikuchitika ndi womwe umangoimitsidwaimitsidwa.

Palinso nkhani ya kokamusiya munthuyo. Dziko lakwawo liyenera kuvomera kumulandira, ndipo mayiko ena amakana kapena kuzengereza kupereka zikalata. Malamulo a mayiko onse, kuyambira pa pangano la othawa kwawo la 1951, amaletsa kubweza munthu komwe akazunzidwe. Mu 2025 boma la Donald Trump linayamba kutumiza ena ku mayiko omwe si kwawo, monga South Sudan ndi Eswatini, ndipo ena anakatsekeredwa m'ndende ya ku El Salvador asanaonekere kwa woweruza. Nkhani zimenezi zinadzaza makhoti.

Nanga aphungu akutani? Mu 2013 nyumba ya Senate inavomereza bilu yaikulu ndi mavoti 68 kwa 32. Inali yolimbitsa malire komanso yopatsa anthu njira ya zaka 13 yofikira pa unzika. Nyumba inayo, House of Representatives, sinaivotere n'komwe. DACA, yomwe Obama anayambitsa mu 2012 pofuna kuteteza amene anabwera ali ana, si lamulo la aphungu. Ndi chilolezo chongowonjezera zaka ziwiri zilizonse, sichipereka green card, ndipo chakhala chikukokedwa m'makhoti. Ana aja lero ambiri adutsa zaka 30, ali ndi ana awoawo.

Chomwe ambiri sadziwa n'choti chida chokonzera vutoli chili kale m'buku la malamulo. Amachitcha registry: ukasonyeza kuti wakhala m'dzikomo mosalekeza kuyambira tsiku lakutilakuti, ndipo uli ndi mbiri yabwino, ungapemphe green card. Tsikulo linkasunthidwa nthawi ndi nthawi. Komaliza kulisuntha ndi mu 1986, pomwe analiika pa 1 Januwale 1972, ndipo lili pomwepo mpaka pano. Kuti upindule nalo lero uyenera kukhala utakhalamo zaka zoposa 50.

Dziko la Spain limachita mosiyana. Kumeneko kuli njira yotchedwa arraigo: munthu akakhala zaka zingapo, alibe mlandu, ndipo ali ndi ntchito kapena achibale, amapempha chilolezo. Zinali zaka 3, mu 2025 anazitsitsa kufika pa 2. Otsutsa amati zimenezi zimakopa ena kuti abwere, ndipo mfundo yawo si yoitaya. N'chifukwa chake kusuntha tsiku la registry kuyenera kuyendera limodzi ndi zomwe zinalephereka mu 1986: kufufuza mabwana moona, ndi ma viza a ntchito okwanira ntchito zomwe zilipo. Ku America mabilu osuntha tsiku la registry aperekedwapo kangapo m'nyumba ya malamulo, koma palibe yomwe yadutsa.